Chilembo Chimodzi cha Mlamu Wanga MacKerrow

Pa Kirklennan ponse panalibe munthu wa makutu ngati mlamu wanga, malemu Ninian MacKerrow. Belu la tchalitchi sankalimva. Mkazi wake akamutuma malasha, sankamvanso. Koma ukangomutchula dzina, ankati wamva ngati walitchula ndi "a" kapena wopanda "a". Tonse tikudziwa kuti MacKerrow ndi McKerrow pakamwa zimatuluka chimodzimodzi, kusiyana kwake ndi papepala basi. Koma mkulu ameneyu, ha!

"Mwadzuka bwanji, a MacKerrow?"

"Bwerezani."

"A MacKerrow."

"Eya, tsopano. Poyamba paja munameza 'a'. Ndinamva."

Ndikudziwa, amati womwalira sanenedwa zoipa. Amene amanena zimenezo sanamupititsireko kalata Ninian. Ine Wattie Gilmour ndinagawa makalata m'tauni muno zaka makumi atatu, ndipo kuwonjezera pa tsoka limenelo, mchemwali wanga Elspeth anakwatiwa naye. Ndiye mundilole ndinene, chifukwa chilembo chimene enanu munkaseka nacho chinamulanda bambo mwana wa mchemwali wanga.

Chiphunzitso chake chinali chakuti a MacKerrow a "a" ndiwo enieni, zidzukulu za mafumu a kumapiri. Opanda "a" ankati ndi zotsalira, akuba nkhosa, anthu aulesi amene anatopa dzina lawo asanamalize kulilemba. Kalata ikabwera yolembedwa McKerrow, ankaigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Alamu, munthu ameneyu pano sakhalapo."

"Alamu, ndi yanu iyi. Yachokera ku chipatala cha mano, akukuitanani Lachiwiri."

"Ndiye akazule dzino la McKerrow wawoyo."

Anakhala miyezi isanu tsaya lili chitupire ngati wabisamo mbatata, akudya phala lokhalokha, kudikira kuti achipatala alembe bwino.

Pabalaza pake panali khoma la anthu otchuka. Abale inu, khoma lija! Aliyense wotchedwa MacKerrow amene anatulukako m'nyuzipepala, kaya kuti kaya kuti, Ninian ankamudula ndi sizasi, n'kumuika m'felemu, n'kumukhomera. Pakati penipeni panali woweruza milandu wa ku Canada, wa ndevu ngati tsache. Pambali pake dokotala wa ku New Zealand amene akuti anatulukira mankhwala a nkhupakupa za nkhosa. Panalinso kaputeni wa sitima ya pamadzi. Sitimayo anaimiza, koma nanga si m'nyuzipepala anatulukamo. Zithunzi zinapitirira makumi asanu ndi limodzi, ndipo malo atatha, anachotsa chithunzi cha ukwati wake kuti akhomepo womenya nkhonya wa ku Australia amene moyo wake wonse anapambanako kamodzi, mnzake atadwala m'mimba.

Palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu amenewa amene ankadziwa kuti kunja kuno kuli Ninian. Nanga iye mwini anachitapo chiyani pa dziko lino? Ankatsegula ndi kutseka chipata cha pa doko. M'mawa kutsegula, madzulo kutseka, ndipo masiku ena chimodzi mwa ziwirizi ankaiwala. Koma umupeze mu bala Loweruka, atatukula chifuwa: "Ife a MacKerrow taweruza milandu ku Canada. Ife tachiza nkhosa." Asodzi ankangoyang'anizana, wina n'kufunsa kuti, "Nanga sitima ija munamiza ndi ife yemweyo?" Iye n'kuyankha kuti nyanja tsiku limenelo inalibe ulemu.

Chaka chatsopano chilichonse ankawalembera makalata onsewo, ine ndi amene ndinkasenza. Yankho linabwera limodzi lokha, la mlembi wa woweruza uja, mizere iwiri: chonde lekani kuvutitsa a woweruza ndi makalata. Mukuganiza kuti anachita manyazi? Kalatayo anaigulira felemu ya golide.

"Mwaona, alamu? Chibale ndi fupa, sichiola. Andiyankha!"

Chilimwe china kunabwera bambo wina wa ku Amereka, wonenepa, kamera ili pamimba, kufunafuna kumene anachokera makolo ake. Anthu anamulozera kwa Ninian mwadala, kuti aone sewero. Mlamu wanga anathamangira kuchipinda n'kutuluka atavala kilti, siketi ija ya amuna ya makolo athu, timiyendo toyera ngati makandulo. Anamukumbatira mlendoyo, anamuyendetsa khoma lonse, Elspeth anawotcha nsomba zowamba, wisiki amene ankatimana ife pa maliro ndi pa ukwati anatsegulidwa. Zonse zinayenda bwino mpaka maso a Ninian anagwera pa kapepala komangidwa ku chikwama cha mlendoyo, kolembedwa McKerrow.

"Kodi chikwama ichi mwabwereka?"

"Ayi, msuweni, ndi changa."

"Msuweni wake uti? Elspeth, chotsa mbale!"

Mlendo uja ndinakumana naye pa msewu akutafunabe nsomba, foloko ili m'manja, akufunsa kuti walakwa chiyani.

Zonsezi tikanangoseka n'kuiwala pakanapanda Alasdair, mwana yekhayo wa Ninian ndi Elspeth. Alasdair ndi munthu wofatsa, wa manja akuluakulu, wokonza mipope ya madzi. Atayamba ntchito payekha anagula galimoto yonyamulira zipangizo, n'kupita nayo kwa wolemba zikwangwani wa ku tauni yoyandikana nafe. Wolembayo sankatidziwa. Analemba mbali zonse ziwiri, ndi penti wofiira: A. McKerrow, Wokonza Mipope. Alasdair, chifukwa cha chisangalalo, sanaone n'komwe. Anafika kwa makolo ake akuliza hutala, ine ndili pomwepo ndi chikwama changa cha makalata.

Ninian anatuluka, anaima pa khonde, anawerenga.

"Ya ndani iyi?"

"Yanga, bambo! Ndaitenga lero."

"Ndikufunsa dzinalo."

Alasdair anacheuka, nkhope inagwa. "Aa, wolemba uja wadumpha. Tidzakonza. Tayambani mwakwera, ndikuzungulitseni ku doko."

"Ine sindikwera galimoto ya akuba nkhosa. Ndipo mwana wa dzina limenelo ndilibe."

Chitseko, mba! Alasdair anabweza makiyi m'thumba. Kenako anandiuza kuti, "Amalume, sanaone n'komwe kuti ndi galimoto. Dzinalo ndidzakonza tsiku limene adzandifunse kuti ikuyenda bwanji." Paja amati make mbuu, mwana mbuu, koma apa mbuuyo anali bambo.

Zaka khumi ndi chimodzi, abale! Zaka khumi ndi chimodzi munthu osalankhula ndi mwana wake, m'katauni ka misewu itatu. M'tchalitchi ankakhala pa benchi imodzi, Elspeth pakati ngati mpanda. Malo akachepa, Ninian ankati, "Elspeth, uwauze a McKerrow asendere uko," ndipo dzinalo ankalidula ndi mano kuti tonse timve kuti "a" mulibe.

Chaka cha chisanu choopsa chija madzi anaundana, mipope inaphulika tauni yonse. Alasdair anagwira ntchito masiku atatu osakhala pansi, zala zitang'ambika, mpaka ku nyumba ya okalamba kunatulukanso madzi. Nyuzipepala ya m'boma lathu inamujambula ataima pambali pa galimoto yake. Elspeth anadula chithunzicho n'kuchipachika pakona pa khoma lija, pansi penipeni, pafupi ndi womenya nkhonya. Ninian atachiona, anatenga chopanira malasha n'kuchichotsa. Mchemwali wanga ndinamupeza akulira ku khitchini, ndipo tsiku limenelo ndinapsa mtima zenizeni.

"Alamu, pa khoma lanu lonseli, ndani anakupatsaniko madzi akumwa?"

"Madzi si mbiri, alamu."

"Ndinu mbuzi ya munthu, mukudziwa?"

"Kaya. Koma mbuzi yake ya 'a'."

Elspeth anamwalira patapita zaka ziwiri, asanaone awiriwo akupatsana moni. Chimenechi sindinamukhululukire Ninian, ndipo sindikuganiza kuti ndidzamukhululukira.

Kenako inafika nthawi yake. Mtima unayamba kufooka, dokotala anati sabata sakwanitsa. Lachinayi masana Alasdair anandipeza kunyumba, m'manja muli kachitini ka penti wofiira ndi kaburashi.

"Amalume, tandigwirirani chitini. Ndagonja."

Anagwada pa msewu, munthu wamkulu wa imvi m'masaya, n'kupanikiza "a" pakati pa "M" ndi "c", mbali iyi ndi mbali inayo. Malo anali ochepa, ndiye chilembocho chinatuluka chaching'ono, chotsamira uku. Anaimika galimoto pa kapinga, pansi pa zenera la kuchipinda kwa bambo ake. Ine ndinamudzutsa Ninian n'kumutsamiritsa pa mapilo.

"Bambo," anatero Alasdair, "taonani pa zenera."

Ninian anayang'ana nthawi yaitali. Maso ake anali amadzimadzi, kaya ndi matenda kaya ndi chiyani. Ine ndinati mwina lero chitsiru chino chikhala munthu.

"Wapendama," anatero. "'A' wakoyo wapendama. Ndiponso ndi wamng'ono."

"Malo panalibe, bambo."

"Hm." Anatembenukira kwa ine. "Alamu, makalata a ku Canada abwera?"

Tili panja, Alasdair akupukuta penti m'manja ndi kansanza, anati, "Koma andilankhula, amalume. Mwamva? Alankhula ndi ine, osadzera kwa munthu." Ninian anamwalira Loweruka lake.

Ngakhale m'bokosi sanasiye matama. Anasiya kalata kwa abusa yakuti mabenchi awiri akutsogolo asungidwire a MacKerrow otchuka, ndipo anasiya ndi timapepala ta mayina tomata pa malo a aliyense. Abusa, munthu waulemu, anatsatira. Ndiye tinakhala m'tchalitchi anthu khumi ndi awiri, kumbuyo kwa mabenchi awiri opanda kanthu. Mwana wa malemu anakhala pa benchi yachitatu, kuseri kwa kapepala ka dokotala wa nkhupakupa. Chitseko chikalira, asodzi ankacheuka monyodola, wina n'kunong'ona kuti, "Kaputeni uja wafika, wangonyowa pang'ono." Abusa anatiyang'ana moopseza, koma ndinaona kuti nawonso akuluma mlomo.

Sabata yotsatira tinapita kukachotsa zithunzi pa khoma lija, ine ndi Alasdair. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya ola limodzi, koma ndinaona mnzanga akuchedwa. Felemu iliyonse ankaitembenuza, n'kuwongola timisomali ta kumbuyo, n'kusuzumira kuseri kwa chithunzi.

"Ukufunanji, iwe?"

"Palibe, amalume. Ndimangoti mwina anabisako kanthu kanga. Kaya kachithunzi ka ndili mwana, kaya chiyani. Anthu ena amatero, eti? Pamaso kuuma, koma kwinakwake atasunga."

Anatsegula ya kaputeni, munalibe kanthu. Ya womenya nkhonya, chimodzimodzi. Anatsegula zonse mpaka zinatsala zinayi, kuphatikizapo ya woweruza uja. Pamenepo anaima, anapukuta manja m'buluku, n'kunena kuti akukatenga makatoni. Atabwerako anati, "Izi zinayi zisiyeni choncho, ndidzatsegula tsiku lina." Anazikulunga m'bulangete n'kuziika m'galimoto.

Masiku ano Kirklennan yangoti zii. Mu bala asodzi alibe womuseka, ndiye amangokambirana za mphepo ndi nyamakazi, ndipo ena amafika ponena kuti amamusowa mkulu uja. Azimusowa okha, ine ayi. Nyumba ija anagula anthu achilendo, khomalo analipaka penti woyera, ndipo sadziwa chifukwa chimene lili ndi timabowo tambirimbiri. Papita zaka zisanu ndi chimodzi, koma mafelemu anayi aja Alasdair sanawatsegulebe. Ali pamwamba pa kabati kwake, ndipo nthawi zina akamwa pang'ono amawaloza n'kunena kuti, "Muli kanthu mmenemuja, amalume. Ndikudziwa."

Ine ndimangoti, "Mwina, mphwanga."

Ndinawatsegula tsiku lomwe lija, iye atapita kukatenga makatoni, n'kupindanso timisomali bwinobwino. Mulibe kanthu.