Mapazi asanu ndi anayi kukafika ku Wanki

Lolemba

Kalata ili pathebulo tsiku lachitatu tsopano. Ndi ya a Tembo, mkamwini wanga, amene akukumba malasha ku Wanki. Mizele 14. Moni kwa ine, mizele iwili. Yotsalayo nkhani ndi imodzi: apatsidwa nyumba ku komboni, akufuna Malita ndi ana apite.

Malita ndiye mwana wanga wotsala. Ana ake ndi atatu, onse aakazi. Akapita, pakhomo pano titsala ine, nkhuku 11 ndi bakha wotsimphina.

Loweluka akubwela alongo anga a Daka kuchokela ku Nyimba. Mbumba ndi yawo, mawu omaliza ndi awo. Vuto ndi lakuti a Daka sanaoloke Luangwa chibadwile. Wanki, Joni, Mangalande, kwa iwo konseko ndi "uko". Akamva kuti nyumba ya malata, avomela basi.

Ndiye ndiyenela kuwaonetsa kutalika kwake ndi maso. Ndinaphunzitsa ku sukulu ya Minga zaka 19, sindingalephele kuphunzitsa nkhalamba imodzi. Ndijambula dziko lonse la Chitaganya, maiko atatu amene azungu anaphatikiza, pabwalo. Chala chimodzi m'buku la mapu, phazi limodzi pansi.

Zofunika:
phulusa, la malile ndi mitsinje, mabeseni 4
nshawa (mtedza) zosenda 40, za Petauke
fodya, wa Halale
waya wamkuwa, wa ku migodi
makala, a Wanki
masamba a tiyi, a Nyasalande
phale la madzi, la Kaliba

Kaliba m'buku langa mulibe, bukulo ndi lakale kuposa damulo. Ndiyika mongoyelekeza. Mtima sukukhazikika.

Lachiwili

Ndayamba dzuwa lisanakwele. Bwalo ndi mapazi 22 m'litali, 15 m'lifupi. Sikukwana! Nyasalande walowa pansi pa nkhokwe. Beila, doko limene mkuwa umakwelela sitima ya pamadzi, lagwela m'khola la mbuzi la a Lungu, anansi athu. Sindinawapemphe. Ndangoyika kamtengo.

Luangwa ndajambula kawili, koyamba anakhota molakwa. Zambezi watha beseni limodzi ndi theka. Njanji ndayika ndi mapesi: Lusaka, Livingisitoni, kuoloka mlatho, Wanki. Msana!

Malita waima ndi mtondo m'manja, akufunsa: "Amama, nanga ndisinjile pati?" Ndamuuza asinjile ku Angola. Kumeneko sitikufunako.

Masana ndalowa m'nyumba kukamwa madzi. Potuluka, nkhuku 7 zili pa Petauke. Nshawa zatsala 6. Ndaonjezela 34, ndavundikila ndi lichelo. Tsopano Petauke saoneka, koma alipo.

Zifukwa zoti ndidzanene Loweluka, 5:
1. Ndi kutali.
2. Kutentha, ndi fumbi la malasha m'zifuwa za ana.
3. Kulibe munda. Ngakhale chibwabwa nchogula.
4. Munthu akafela kumeneko aikidwa ndi alendo.
5. Ndi kutali.

Choyamba ndi chachisanu nchimodzi. Ndasiya dala.

Lachitatu

Nyasalande kulibe. Malita wasesa m'mawa, monga mkazi aliyense wolelekwa bwino amasesela bwalo anthu asanadzuke. Ndinamuphunzitsa ndine. Akuti anaona ngati zinyalala za nkhokwe. Tiyi wa masiku atatu!

Fodya wa Halale kulibenso. A Lungu akhala pamthunzi, akuyetsemula mosangalala. Akuti: "Fodya wa pansi alibe mwini, amai aphunzitsi." Ndaika wina. Ndaika mwala pamwamba.

Makala a Wanki atsala 3 mwa 12. Malita anasita malaya a ana. Chifukwa chiyani akusita malaya pakati pa sabata? Akonzekela ulendo kodi? Sindinafunse. Ndikuopa yankho.

Waya wamkuwa ndaupeza utachoka ku migodi, uli pa Halale. Mwina nkhuku, mwina mphepo. Ndaima nthawi yaitali ndikuuyang'ana. Amuna ku sitolo amanena zomwezi tsiku lililonse, kuti mkuwa ukumbidwa kuno, zokoma zake zigwela kummwela. Ndaubweza msanga, wina asaone nkunena kuti ndayamba ndale.

Kuti a Daka amvetse kuti anthu amatha bwanji, ndaika mwala pa mwamuna aliyense wa mudzi uno amene ali kunja. Ku migodi 9. Halale 7. Wanki 4, a Tembo pakati. Joni 2. Mmodzi, bambo ake a Yosefe, sitidziwa kumene ali, zaka 11 opanda kalata. Ndawaika m'mphepete, pafupi ndi Angola. Onse 23. Amene anabwelela kudzakhala, 4. Ichi chikhala chifukwa chachisanu ndi chimodzi, ndipo nchamphamvu.

Lachinayi

Njila ya kuchitsime imadutsa pabwalo langa chiyambile. Lelo palibe wadutsa. Ndawelenga akazi 13 ndi mitsuko akuzungulila kuseli kwa khola, maso kumbali. Mmodzi wanyamula mwana wake m'mwamba kuti phazi lisakhudze phulusa. Ndawaitana kuti awa ndi mapu chabe, uyu ndi Zambezi. Athamanga.

Dzuwa litapendeka, afika amake Yosefe ndi nkhuku yakuda kukhwapa. Agwada. Akunong'ona: "Tamva kuti amuna onse muli nawo pano. Anga muwasendeze pang'ono, ngakhale afike pa Lusaka."

Ndafotokoza kuti mwala ndi chizindikilo. Ndafotokoza za chala ndi phazi. Ndatsegula buku. Agwedeza mutu, amva zonse, kenaka afunsa ngati nkhuku yachepa.

Ndakana nkhuku. Koma nkhope yawo! Ndasendeza mwala mpaka pa Lusaka. Ine, wa zaka 19 za choko.

Atangochoka, wabwela wina, dzina sindilemba. Wake ali ku migodi, akuti abwela mwezi wa mawa. Apempha ndimukankhile ku Joni, ndipo ngati malo alipo, kupitilila.

Lichelo lagudubuzika ndi kamvuluvulu. Nshawa 0. Nkhuku zikadali 11, koma zonenepa.

M'phulusa la Zambezi muli mapazi a munthu, olowela ku Wanki ndi obwelela. Sindine. Anthu akuopa kuponda, nanga uyu ndani?

Lachisanu

Nkhumba ya a Lungu yagona mu Kaliba. Phale lasweka, madzi asefukila, njanji yonse kuyambila Livingisitoni yapita. Matope mpaka Wanki.

Ndikukonza, afika akatekisiti a Mumba, chipewa m'manja. Anali mwana wanga wa sukulu, wosachedwa kulila pa masamu. Aima kunja kwa phulusa. Akuti mbili yafika mpaka ku Sandwe kuti ndikumanga amuna ndi miyala, ndipo akazi awili akangana kuchigayo chifukwa wina mwamuna wake ndamuika pamthunzi, wina padzuwa.

Ndawakumbutsa kuti mapu amenewa ndinawaphunzitsa ndine. Akuti akumbuka bwino, koma aja anali papepala, opachika pakhoma, ndipo munalibe amuna a anthu. Apempha miyala ichoke lisanafike Lamulungu. Popita alumpha Luangwa ndi phazi lalitali, akudzilemba mtanda mobisa. Ndaona!

Ndachotsa miyala. Chifukwa chachisanu ndi chimodzi chapita. Powelenga ndapeza 22. Wa a Tembo kulibe. Ndafuna paliponse, ngakhale m'matope.

Zotsala pa Chitaganya: Luangwa theka, Zambezi wopindika ndi nkhumba, makala 2, waya. Halale watha, a Lungu anachotsa mwala uja wa pa fodya. Phulusa latha m'nyumba, ndapempha kwa anansi, atatu akana.

Ndajambulanso njila yokha: Petauke, Lusaka, Livingisitoni, Wanki. Ndayesa ndi chala katatu. Zili bwino. A Daka afika mawa. Ndayeseza zifukwa zanga kwa bakha.

Loweluka

Afika ndi njinga, fumbi mpaka m'nsidze. Adya, apuma, atuluka pabwalo ndi ndodo yawo. Malita wakhala pamphasa ndi ana. A Lungu adziitana okha.

Ndayamba bwino. Lole kuchoka pa Petauke, mlatho wa Luangwa, mapili, kugona panjila. Sitima ku Lusaka. Malasha apita ku migodi kukasungunula mkuwa, mkuwa upita ku Beila, ku Beila upita kwa azungu, kuno kubwela makalata okha. A Daka amvetsela, akugwedeza mutu. Mtima wanga wayamba kutsika.

Kenaka afunsa kuti ife tili pati. Ndaloza. Nanga Wanki? Ndaloza.

Aimilila. Aponda pa Petauke. Ayenda. Ndipo ine, chizolowezi changa choipa, ndawelenga mokweza! Mapazi 9.

Atembenuka ali pa makala. "Alongo, basi? Chimbudzi chanu chili kutali kuposa Wanki."

Nchoona. Chimbudzi ndi mapazi 31.

Ndafotokoza za chala ndi phazi. Ndanena kuti phazi lililonse ndi mapili ndi mitsinje. A Daka akuti iwo sukulu alibe, koma miyendo yawo siinama, ndipo ngati aphunzitsi eni ake ayesa katatu, ndani angatsutse? A Lungu ayendanso kuti atsimikize. Iwo apeza 8.

Zifukwa zinazo sindinafike nazo. Malita watsegula dzanja. Mwala wa a Tembo uja uli momwemo.

"Amama, mapazi amenewa ndawayenda m'mawa uliwonse sabata ino, ndi tsache m'manja. Wamng'onoyu ali ndi zaka zitatu, bambo ake sawadziwa. Ndiloleni ndikafike."

Sanakweze mawu. 

A Daka agamula: Malita apite ndi lole ya Lachinayi.

Lamulungu

Ku Misa anthu 64. Andipatsa moni 9. Amake Yosefe andigwila dzanja ndi manja awili, akuti analota amuna awo ali pa Lusaka. Sindinatsutse. Mphamvu ndilibe.

Ndauza Malita asese bwalo lonse. Chitaganya chatha atakoka tsache ka 50, osakwana nthawi yowilitsa madzi. Akazi ayambanso kudutsa ndi mitsuko.

Masiku otsala 4. Malita akumanga katundu, akuimba pang'onopang'ono, akaona ine aleka. Ndamuuza aimbe. Ana akukangana kuti ndani akhale pazenela m'sitima. Ndawauza akaone mlatho wa Zambezi bwinobwino, adzandiuze ngati ndinajambula molondola. Ine sindinauonepo.

Malita amalemba, koma ndi waulesi pa keyala, ndimdziwa. Ndiye ndakhala pathebulo masana onse ndi maenvulopu, kulemba dzina langa ndekha, limodzilimodzi, zilembo zazikulu. Mwezi uliwonse imodzi. Azingoika kalata ndi kumata.

Ndalemba 12. Imodzi yanyowa, inki yafalikila, siiwelengeka. Denga silidontha mwezi uno.

11.