Chimbudzi cha Mjapani ndi Suti ya Amalume

Ndivomereretu kuti batani lija ndinawalozera ndine. Koma za masilipasi ndikukana mpaka lero, zimenezo anachita okha amalume.

Zinali m'ma 1980, ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, tikukhala ku Ilford. Bambo anali dalaivala wa bwana wina wa Chijapani, ndipo Lamlungu lina bwanayo anatiitanira chakudya chamasana kwake ku Finchley. Nkhani yeniyeni inali ya amalume, alongo awo a mayi. Kumudzi anali akuluakulu m'boma asanathawe ndale, koma ku London anatha zaka ziwiri akugona pabalaza pathu opanda ntchito. Bambo anali atawanenerera malo aukalaliki, ndiye bwanayo amafuna awaone kaye. M'sitima monse mayi ankandikumbutsa kuti ndisayankhule, ndisakhudze kanthu, ndipo ngati n'kotheka ndisapume.

Pakhomo anativulitsa nsapato. Apa m'pamene zinadziwika kuti sokosi ya amalume inali ndi chiboo, ndipo anakhala pansi atapinda phazi ngati nkhuku yozizidwa.

Tisanadye ndinapita kuchimbudzi. Chinali chochokera kwawo ku Japan. Nditakhalapo ndinadzambatuka: mpando unali wofunda ngati pangochoka munthu, chonsecho mulibe aliyense. (Kwathu nthawi yozizira umayamba wapemphera usanakhalepo.) M'mbali munali mabatani olembedwa Chijapani. Nditatha ndinaimirira n'kudina lomwe linali ndi chithunzi cha kasupe, poganiza kuti ndi logejemulira. Kanatuluka kandodo pansi pa mpando, kanandiyang'ana pang'ono, kenako kanandithira madzi ofunda pamphumi. Sindinamvetse chimene ndachilakwira. Ndinadina lina, kunabwera mphepo yotentha. Ndinapukuta nkhope ndi pansi pomwe, n'kutuluka ndili chete.

Posakhalitsa amalume anandikodola, nandifunsa monong'ona ngati kumeneko kuli bwinobwino. Munthu wabwino akanawachenjeza.

"Kuli bwino, malume. Mukatha muimirire, muweramire pafupi, mudine pamene pali kasupe. Musasiye msanga, chimachedwa."

Tinamva kukuwa kamodzi, kenako chitseko chikulimbana ndi munthu. Anatulukira tayi ikudontha, magalasi ali m'manja, suti yawo imodzi yomweyo yanyowa kuyambira pachifuwa mpaka pa lamba. Ine ndinaluma tsaya kudikira kuti nyumba yonse iphulike.

Palibe anaseka. Palibenso anayang'ana suti. Bwanayo, akazi awo, ngakhale bambo, onse maso anali kumapazi. Amalume anali atavala masilipasi ofiira amene anawapeza m'chimbudzimo, osangalala kuti abisa chiboo chija, ndipo anali ataponda nawo pakapeti yoyera pafupi ndi chakudya. Mayi wapanyumbapo anagwira pakamwa. Amalume anaganiza kuti akuwamvera chisoni, choncho anasendera pafupi kukawatsimikizira kuti sanavulale. Mayiwo ankabwerera m'mbuyo, amalume n'kumawatsatira akuwerama, bwanayo nayenso akuwerama, ine osadziwa kuti akupepesa ndani.

"Alamu, vulani zimenezo," anatero bambo mano atalumana. "N'za kuchimbudzi zokha. Sizituluka."

"Nanga anaziikiranji poti mlendo aziona?"

Anavula, chala chinatulukiranso pachiboo chija. Anadya atavala juzi ya bwanayo, yomwe inkawalekeza pamchombo, ndipo mafunso onse a ntchito anayankha ali choncho. Pobwerera, titafika pa siteshoni, amalume anafunsa mayi modekha ngati mwana wawoyu anabatizidwa.

Lachitatu bambo anabwera ndi uthenga woti amalume akayambe Lolemba. Akuti bwanayo anachita manyazi kwambiri kuti chimbudzi chake chanyowetsa mlendo, komanso anagoma ndi munthu woyankha za mafailo mwaulemu chotero mimba ili pamtunda. Mayi sanaone choseketsa. Anagamula kuti malaya onse a kuntchito a amalume ndizichapa ndi kusita ine mpaka chaka chithe.

Malaya awo analipo atatu okha, ndiye sindinaonde nazo. M'mawa uliwonse powapatsira ndinkawakumbutsa kuti pakanapanda ine bwenzi akugonabe masana pabalaza. Ankangolandira, n'kuyang'anitsitsa kolala ngati ndabisamo kanthu. Kawiri konse anali ndi chifukwa.