Jekete losachapa la a Loeiz

M'mudzi mwathu muno, ukangotchula mawu oti "chotsala" a Loeiz Kerbrat ali pafupi, unkadziwiratu kuti khofi wako umwa wozizira. Enafe chilichonse chakutha timati chotsala cha makedzana, kaya ndi wailesi, kaya ndi thalakitala. Kwa iwo mawuwa anali a zinthu za oyera mtima okha, ndipo anali ndi magawo atatu.

"Loyamba, fupa la woyera. Lachiwiri, chimene woyerayo ankavala. Lachitatu, chimene chakhudza fupalo. Nanga thalakitala yakoyo ili gawo liti, Erwan?"

"Imandipempheretsa m'mawa uliwonse, madala," ndinkayankha choncho.

"Ndi chitsulo chabe. Sukulu unathawa, koma izi zokha uzimve."

Tchalitchi chathu chimasunga fupa la chala cha woyera wathu m'bokosi lagalasi, ndipo chaka chilichonse amuna anayi timalinyamula pamapewa pa mdipiti wopita kukasupe. A Loeiz anagwira mtengo wonyamulira wakutsogolo zaka makumi anayi ndi zitatu, atavala jekete limodzimodzi. Popeza bokosi linkatsamira jeketelo, iwo anagamula okha kuti nalonso ndi chotsala. Akazi awo, a Soazig, anakalamba osalichapako.

"Likununkha nkhosa ndi fodya, bambo inu."

"Mayi, ili ndi gawo lachitatu. Sopo asaliyandikire."

"Ndiye muzikagona nalo kukhola, mudalitse nkhosazo."

Vuto linabwera ndi ukalamba. A Loeiz anayamba kufupika, bokosi n'kumapendekera mbali yawo. Chaka china chala cha woyera chinayenda ulendo wonse chikuloza kumowa, kubala ya Marivon, ndipo amuna ambiri anamvera. Wansembe wathu, Abambo Guéguen, analemba mzere pachitseko cha tchalitchi: amene phewa lake silifika pamenepo, asanyamule.

A Loeiz anadzaza nyuzipepala m'nsapato, nafika pamzere akuyenda ngati kakowa. Chaka chotsatira Abambo anati tivule nsapato. Madala anaperewera zala zinayi.

"A Loeiz, chaka chino munyamule kandulo."

"Kandulo, Abambo? Ine?"

Sanakangane. Munthu amene ankakangana ndi wailesi yomwe, anangotola nsapato zake n'kukhala pabenchi, jekete lili pamiyendo, akusisita paphewa pamene nsalu inaperepeseka. Zimenezo sindinazikonde.

"Abambo," ndinatero, "mzerewu ndi wa chiyani? Si woti tonse tifanane? Tiyezeninso."

Onyamula ena atatufe tinaima pachitseko mawondo titapinda. Abambo anayang'ana mapewa athu, anayang'ana mawondo, kenako anayang'ana kudenga nthawi yaitali ndithu.

"Mwafananadi," anatero.

Tinayenda chonjuta makilomita awiri, kupita ndi kubwerera. Ntchafu zinkayaka moto. Ine ndinali kumbuyo kwa a Loeiz, ndikubuula m'malo moyimba. Pakasupe anatembenuka.

"Erwan, ukuyenda ngati wadzionongera. Pamaso pa woyera, wongoka."

"Ndi nyamakazi, madala."

"Nonse atatu?"

"Ikupatsirana."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kutsogolo. Nyamakaziyo inatigwira zaka zitatu, tsiku la mdipiti lokha, ndipo bokosi silinapendekekenso.

A Loeiz anatisiya m'nyengo yachisanu. Patapita sabata, a Soazig anabwera kwathu ndi jekete lija m'thumba lapulasitiki.

"Sopo ndinakonza, madzi ndinatenthetsa," anatero. "Zandikanika. Tenga."

Chaka chino mtengo wakutsogolo ndagwira ine. Ndine wamtali, komabe ndinapinda jeketelo n'kuliika paphewa. Likununkhabe nkhosa. Abambo ataliona anandinong'oneza:

"Gawo lachitatu lija?"

"Eni ake ankatero. Ine ndikuti lachiwiri."

Ndinadikira kuti wina andidzudzule. Tinafika kukasupe, tinabwerera, tonse anayi titawongoka bwinobwino. Kwa Marivon masiku ano munthu amatha kutchula thalakitala yake kuti chotsala, onse n'kungogwedeza mitu. Khofi timamwa wotentha, ndipo sakoma.