Chikhomo Chofiira pa Manda a aNangozo

Usiku wathawu ndinalota, anzanga, ine amene sindilotalota. Ndinalota ndikusesa pamanda a akazi anga, aNangozo, pomwe oyeza malo a fakitale ya magetsi a malasha anakhoma chikhomo chofiira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, n'kutiletsa kumanga chilichonse, ngakhale chiliza.

Ndiye chikhomo chija chinatsokomola.

"Madala, mwandithira fumbi."

"Uchoka liti?" ndinachifunsa.

"Adzandizule amene anandikhoma. Inenso ndatopa, chiswe chandimaliza kunsiku."

Ndiye ndinapita kukafunsa ku ofesi, mwadzidzidzi ofesiyo ili m'kati mwa chumuni chachitali chomwe sichinamangidwe n'komwe. Bwana wa chipewa chachikasu anandipatsa mpando, ndiye akutsegula failo khungu lake likusintha, mpaka wasanduka nanzikambe, diso lina kwa ine, lina kumsewu.

"Ntchito ija inathetsedwa kalekale, bambo. Mulibe wailesi?"

"Ndiye ndimange?"

"Zothetsa zinalembedwa. Zomanga sizinalembedwe."

Mlembi wake, amene tsopano anali nkhanga, anajompha chidindo n'kumeza.

Mwadzidzidzi ndili m'sitima ya malasha yoyenda chambuyo, malashawo akuimba nyimbo ya amayi a Mvano, ndiye sitimayo inaima pakhonde pathu penipeni. ANangozo ali pamphasa, akusita malaya anga oyera ndi simbi ya makala. Pamwamba pawo pakulendewera babu lija anagula okha tsiku lomwe anamva kuti magetsi akubwera.

"Bambo a Felesiya, mwaonda."

Ndinatsika m'sitimamo.

"Magetsi aja ndinasiya kudikira," anatero. "Koma adzukulu akabwera amagwada pa mtumbira wa eni. Sadziwa pomwe ndagona."

"Analetsa."

"Inuyo? Munayamba liti kumvera?"

Anaseka, kuseka kwawo kuja kobisa mano ndi nsonga ya chitenje. Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire malaya akadali ofunda, mwina ndikhudzeko ndi chala chawo, ndiye babu lija linayamba kulira, kwii, kwii, kwii.

Ndinadzidzimuka. Inali wilibala yanu, a Sitolo, ikudutsa kuseri kwa nyumba, yopanda girisi monga mwa masiku onse. Mawa musabwereke wina, ndikufuna ndikatute mchenga. Chikhomocho ndazula m'mawa uno, ndaphikira tiyi.