Kampango wa apongozi pa intaneti

Mpaka lero ndikamva fungo la kampango njala imandithera. Ndikuuzeni chifukwa chake, mwina mtima ungakhale pansi.

Ine ndine mkamwini ku Lifuwu, ndipo ntchito yanga ndi yolandira alendo pa loji ina ku Senga Bay. Kuwoka mpunga sinditha, bwato limandichititsa chizungulire, ndiye kuchikamwini kuno ulemu wanga wonse uli pa foni. Wina ikamuvuta amati, "Kaitaneni bambo a Tadala." Kupatula apo sindidziwa chimene amandisungira.

Tsiku lina apongozi anga aamuna ankasimbanso za kampango amene anagwira kalekale (nsombayi imakula chaka ndi chaka: nditangokwatira inkalekeza m'chiuno, pano yafika m'khosi). Pakamwa panandiyabwa. Ndinanjuta chapatali n'kunena kuti, "Bambo, mbiri imeneyi ndikailemba pa intaneti, m'buku lalikulu lija limene aliyense amalembamo. Dziko lonse liwerenge."

Aka kanali koyamba kundiyang'ana ngati munthu. "Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndiitana anzanga adzaone," anatero.

Lachisanu kuntchito ndinatsegula akaunti. Uthenga uwo: watsopano aliyense ayambe wamaliza maphunziro asanu ndi awiri asanalembe kanthu. Ine, munthu wolankhula ndi azungu tsiku ndi tsiku, andikhazikenso pa benchi? Ndinangodina batani lopitira patsogolo, dinu dinu, osawerenga ndi mzere umodzi womwe, phazi likugunda pansi. Mayeso a kumapeto ndinalephera kawiri. Kachitatu ndinakhoza chifukwa ndinali nditaloweza malo a mayankho.

Ndinalowa pa tsamba la kampango n'kulembapo dzina la apongozi, ndi ulemu wake wonse. Pofunsa umboni ndinayankha kuti, "Anena okha, ndipo munthu wamkulu sanama."

Tiyi wanga asanazizire, zonse zinali zitafufutidwa. Wofufutayo anasiya mawu akuti, "Chonde onaninso phunziro lachitatu. Zomva pakamwa si umboni." Mtima unandiwawa. Ndinabwezeretsa. Anafufuta. Ndinabwezeretsanso, n'kuwonjezera kuti tsikulo ngakhale ng'ona zinathawa (apa ndiye ndinanama ndekha, apongozi sanafikepo pamenepo). Anatseka akaunti yanga kwa sabata yathunthu.

Loweruka lonse sindinakhazikike. Foni m'thumba, foni m'manja, foni m'thumba. Mlendo wina ndinamupatsa kiyi wa kusitolo ya matawulo.

Lamlungu linafika osandifunsa. Pansi pa mtengo wa mango panali mipando, thobwa, ndi akuluakulu anayi a mpingo. Apongozi anakana kuvula jekete. Mlamu wanga Esinati, mphunzitsi ku Khombedza, analiponso. Ndinatsegula tsamba lija, ndinatseka, ndinakweza foni m'mwamba n'kumazungulira mtengo.

"Netiweki ya kuno mukuidziwa," ndinatero, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, khalani pansi, netiweki ili bwino," anatero Esinati. "Ndinafufuta ndine. Ndimathandiza nawo kuyang'anira masamba amenewo. Ndimafuna ndikuimbireni, koma nditaona za ng'ona ndinasiya."

Apongozi anaika kapu pansi. "Iwe, mwana wanga yemwe?"

"Ababa, nsomba ija ndinadya nawo. Inakwana m'poto wa ndiwo uja."

Akuluakulu aja anabisa nkhope m'makapu a thobwa, mapewa okha akugwedezeka. Ndinachita manyazi oti nthaka ing'ambike. Apongozi mwana wawo sanamukalipire ayi, mwana ndi mwana. Maso anatembenukira kwa mkamwini.

"Bambo a Tadala, mawa paja simupita kuntchito? Tikakumane kumunda m'mamawa. Kumeneko nakonso watsopano amayamba waphunzira."

Akaunti anaitsegula, ndipo phunziro lachitatu ndinaliwerenga lonse. Phunziro lachinayi ndi lalitali, ndalidumphanso pang'ono. Koma kumunda ndili sabata yachitatu m'matope, msana uli phwanyu, apongozi ali kumbuyo kuzula mbande iliyonse imene ndawoka mokhota. Batani lodumphira ndalifunafuna, kulibe.