Kangaude ndi Loji ya ku Nkope

Inu, tamverani, minibasi isanadzaze ndikuuzeni zimene zinandigwera kuntchito. Ine ndine Macloud, wa makompyuta pa kakampani ka a Jaffalie pa Mangochi pompano. Tili ndi tsamba pa intaneti loonetsa alendo mitengo ya zipinda m'maloji a kunyanja. Mitengoyo sitifunsa pafoni ayi. Tili ndi pulogalamu, timaitcha kangaude, yoyendera masamba a malojiwo n'kumakopera.

Tsono kangaudeyu anali waulemu wopusa. Akafika pa tsamba la loji ina ya ku Nkope, tsambalo limatulutsa mawu dontho, dontho, ngati mpopi mu Okutobala. Kukana silikana, kumaliza silimaliza. Kangaude n'kukhala pansi phee, kudikira mpaka dzuwa paliwombo, maloji ena osafikako!

Ndinati izi zithe. Ndinamuikira lamulo: tsamba likamatumiza mawu mochedwa kuposa liwiro lakutilakuti, alisiye, apite kwina. Kuti aulesi amve kuwawa, ndinawonjeza kuti loji yosiyidwayo izichotsedwa pa tsamba lathu.

"Liwirolo mwaika lotani?" anafunsa Tatu, mnzanga wa muofesi.

"Limene ndinaona ku Blantyre."

"Kwezaninso, aphunzire!"

Ndinakweza, abale. Paja amati wokwera njinga ya eni saopa chitunda.

M'mawa mwake a Jaffalie anaitana eni maloji kuti adzaone ntchito yathu. Masamusa mbwee, zakumwa zozizira, bwana atavala suti pa kutentha konse kuja. Ndinayatsa pulojekita monyada. Inu! Khoma mbee! Kangaude anali atathawa pakhomo lililonse. Mangochi yense kunatsala loji imodzi, imene inatsekedwa kalekale, chifukwa tsamba lake lili ndi liwu limodzi lokha: "Tatseka."

Anaimirira mkulu wina wa mkanjo woyera, che Iddi, ndodo ili m'manja.

"Nanga yanga ya ku Nkope ili kuti?"

Ndinati ndidzipulumutse. "Yanuyo, bambo, ndiye gwero la mavuto onse. Tsamba lanu limayenda ngati maliro."

Ndinangoona a Jaffalie akutsetsereka pampando, mawondo mpaka pansi, suti ndi fumbi.

"Pepani apongozi, mwanayu dzuwa lamuwomba."

Apongozi! Tatu anabisa nkhope kuseri kwa mbale ya masamusa, mapewa akugwedezeka.

Alendo atabalalika ndinatsitsa liwiro lija kufika pa msinkhu wa netiweki yathu ya kuno. Maloji onse anabwerera bwinobwino, kangaude akuthamanga ngati kabaza wa pa Chiponde. Yokhayo ya ku Nkope inakanikabe.

"Ibwezere," anatero bwana.

"Bwana, imeneyo ndiye imatigwira miyendo. Lamulo lonseli ndinapangira iyoyo."

"Macloud, kangaude wakoyo alibe mkazi. Ine ndili naye, ndipo wandiimbira kale foni. Ukufuna ntchito kapena ukufuna lamulo?"

Ndinasankha ntchito, inu mukanatani? Ndinalemba mzere wina m'pulogalamu: aliyense wochedwa asiyidwe, koma kangaude akafika kwa che Iddi, adikire mpaka amalize.

Ndiye lamulo lilipo ndithu, lokhwima, alendo ochokera ku Lilongwe amachita kuliyamikira. Likuluma aliyense m'mbali mwa nyanja muno, kupatula amene tinamupangira. Panopa ndikunena pano kangaude ali ku Nkope, wakhala pakhonde, akudikira mtengo wa chipinda chachiwiri.