Chithunzi cha Ukwati pa Masikirini Atatu

Kunena zoona, kompyuta ija inalibe mlandu. Ndinaitukwana, ndinaimenya mbama, koma wopalamula anali ine ndemwe.

Ndimagwira ntchito pa mgodi wina kuno ku Shurugwi, m'kachipinda koyang'anira mapampu ndi mafani olowetsa mpweya pansi. Kompyuta ndi imodzi, masikirini atatu. Lamulo lake ndi losavuta: ukasiya kuona mafani, liza sayirini, anthu onse atuluke. Ntchitoyi anandipezera ndi malume anga, kapitawo wa pansi, omwe anauza bwana kuti, "Mwana uyu akalakwa mundichotse ine." (Anthu akuluakulu amalumbira mosaganiza, abale.)

Nditangokwatira ndinafuna kuika chithunzi cha ukwati pa kompyutapo. Inu mukudziwa chithunzi cha ukwati wa kwathu: ankhoswe a mbali zonse, apongozi ochokera ku Gokwe, amvano, ngakhale oyendetsa basi. Pa sikirini imodzi chinkadula akuchikazi onse. Ndiye ndinapeza kapulogalamu kaulere kotambasula chithunzi pa masikirini onse atatu. Chinakongola, eee! Chomwe sindinkadziwa n'chakuti pulogalamu ya mafani nayo imafuna kulamulira masikiriniwo yokha. Ndinaika atambala awiri m'khola limodzi.

Tsiku loyamba sikirini yapakati inaphethira, kenako zonse bii! Mtima unagunda ngati pampu. Ndinazimitsa, kuyatsa, zinabwerera. Sindinauze munthu. Mawa lake zomwezo. Ndinagwada pansi pa tebulo, kugwedeza mawaya, kuuzira fumbi, n'kuuza mnzanga Moyo kuti ndi magetsi.

"Magetsi ati, shamwari? Ketulo ikuwira bwinobwino iyi," anatero Moyo.

Apa munthu wanzeru akanaitana Mai Ncube, katswiri wa makompyuta pa mgodipo. Koma kuika pulogalamu yako pa kompyuta ya kampani n'koletsedwa, ndipo Mai Ncube saseka. Ndiye ndinachita chiyani? Ndinaikanso pulogalamu ina, yoti akuti imakonza mavuto onse. (Musandiyang'ane choncho, mantha amapusitsa.)

Itangolowa, masikirini onse anada. Ndinazimitsa, kuyatsa: mdima. Kachiwiri: mdima. Thukuta linatsika mpaka m'mabuti. Pansi apo panali anthu, ndipo ine sindinkadziwa ngati mafani akuzungulira. Ndinaganiza za mpweya woipa, ndinaganiza za akazi awo akulira pa geti, ndinaganiza za malume. Ndinachita mantha omwe sindinachitepo chibadwire.

"Liza, iwe! Liza!" anakuwa Moyo.

Ndinaliza. Pa mgodi wathu sayirini ikalira palibe wokwera keji, chikepe chotsitsa ndi kukweza anthu, aliyense amatuluka pa makwerero. Bwana anathamangira m'kachipinda kathu, Mai Ncube ali pambuyo. Mayiwo anakhala pampando wanga osandiyang'ana, anachotsa masikirini awiri, n'kuyatsa imodzi yokha. Inayaka. Mafani onse ankazungulira mwamtendere, panalibe ngozi iliyonse.

"Mwaikamo chiyani umu, baba?"

"Palibe, mayi."

Analumikiza sikirini yachiwiri, kenako yachitatu. Pompo ukwati wonse unatulukira, kuyambira khoma ili mpaka ilo, ine pakati mano onse pamtunda. Kenako bii! Bwana anangovula chipewa n'kukhala pansi.

Anandituma kukaima pakamwa pa mgodi kuti ndiuze aliyense wotuluka chomwe chachitika. Amuna ankatuluka ali matope okhaokha, akupuma ngati ng'ombe zolima, ine n'kumati, "Pepani, chinali chithunzi." Ena anatukwana m'Chishona, ena m'Chindebele. Ndinalandira zonse. Chomwe ndinkaopa chinali chimodzi: kapitawo amatuluka pomaliza.

Pomaliza malume anatuluka. Anamvetsera nkhani yonse, kenako anati, "Tiye ukandionetse."

Mai Ncube anali atachotsa kale mapulogalamu anga awiri aja, koma bwana anawalola kubwezeretsa kotambasula kaja kuti aonetse chithunzicho kamodzi, pulogalamu ya mafani itatsekedwa kaye. Malume anachiyang'ana kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Ine ndinkadikira mawu oti tonse ntchito yatha.

"Nanga ine ndili pati?"

Ndinayang'ana. Nkhope yawo inagwera pampata wa pakati pa sikirini yachiwiri ndi yachitatu. Panangotsala phewa ndi khutu limodzi.

"Ndakwera makwerero onse aja, ine nkhoswe yako, chifukwa cha khutu?"

Bwana anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndikhulupirira kuti kusekako n'komwe kunatipulumutsa. Anandipatsa chenjezo lomaliza, malume sanawakhudze. Masiku ano sikirini ikangophethira ndimaimbira Mai Ncube ndisanapume n'komwe. Koma malume sanandikhululukirebe. Za makwerero anaiwala, za khutu ayi.